Masamba ozilala, nyumba zogwa chagada ndi galu wopanda maso: yankho kwa mayi wa ku Edinburgh

Mayi wina amene amakhala ku Edinburgh, ku Scotland, watumiza imelo. Akuti akaweruka kuntchito, kapena Loweruka, amatenga kamera ndi galu wake wakuda n'kumazungulira mumzinda akujambula. Kamerayo ndi yosintha malenzi, ili ndi lenzi ya 18-55mm imene inabwera nayo, ndipo nthawi zina amajambula ndi foni. Madandaulo ake ndi atatu. Masamba a nyengo ya autumn, pamene mitengo imasintha mtundu ndi kuyoyola masamba, amene ndi maso amaoneka ofiira psu ndi achikasu, pachithunzi akutuluka ozilala. Nyumba zakale zikuoneka ngati zikugwa chagada. Galu akungotuluka wakuda bii, maso osaoneka. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi vuto ndi kamera yanga yotchipayi? Ndigule ina?"

Mayi, musagule ina. Ngakhale mutagula yodula kakhumi, mavuto atatuwa adzakutsatirani, chifukwa awiri akuchokera pa kuisiyira kamera kuti iziganiza yokha, ndipo lachitatu likuchokera pa malo amene mukuima pojambula.

Kamera ikakhala pa Auto imayeza kuwala ndi mitundu ya zonse zimene ikuona, kenako imayesetsa kuzikokera pakatikati: zisawale kwambiri, zisade kwambiri, zisafiire kwambiri. Pojambula anthu pabwalo masana, zimenezi zimayenda bwino. Koma paki yodzaza masamba ofiira kamera imaiona ngati cholakwika, ndiye imathirako ubuluu kuti kufiirako kuchepe. Galu wakuda imamuonanso ngati cholakwika china.

Tiyambe ndi masambawo. Lowani pa White Balance, pamene pamasinthidwira kufunda kapena kuzizira kwa mitundu, chotsanipo Auto, ikani pa Cloudy, pamene pali kachizindikiro ka mtambo. Pamenepo ndi pafupifupi 6000K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), ndipo mitundu yofunda imabwerera. Pa Shade ndi pafupifupi 7000K, ndipo ine ndimaona kuti pamapyola muyeso: miyala ya nyumba imasanduka yaolenji, chithunzi n'kuoneka chabodza. Chachiwiri, pezani batani lolembedwa +/- ndipo mutsitse kuwala kufika pa -0.3 kapena -0.7. Chifukwa chake n'chakuti mtundu wofiira ndi umene umayamba kudzaza pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera. Ukadzaza, mitsempha ya tsamba ndi timadontho take zimafufutika, tsamba n'kungokhala banga lofiira lopanda kanthu mkati. Chithunzi chodera pang'ono mukhoza kuchiwalitsa pambuyo pake, koma chimene chapsa ndi kuwala sichibwerera.

Kenako yang'anani kumene dzuwa lili. Ambiri anaphunzitsidwa kuti dzuwa lizikhala kumbuyo kwa wojambula. Pa masamba lamulo limeneli lisiyeni. Zungulirani mtengo mpaka dzuwa likhale kuseri kwake, kuti kuwala kudutse m'masambamo. Tsamba lopyapyala limayaka ngati nyale likawalidwa kuchokera kumbuyo, pamene lowalidwa kutsogolo limangooneka ngati pepala. Dzuwa lenilenilo libiseni kuseri kwa thunthu kapena nthambi yaikulu, apo ayi lilowa mu lenzi ndi kuchititsa chithunzi chonse kutuwa.

Ngati pali chinthu choti mugule, ndi fyuluta yotchedwa circular polariser. Masamba, makamaka onyowa, amanyezimira chifukwa cha kuwala kwa thambo, ndipo kunyezimirako ndi kumene kumaphimba mtundu wake weniweni. Fyulutayi mumaimanga kutsogolo kwa lenzi n'kumaipotoza pang'onopang'ono mukuyang'ana, mpaka kunyezimira kuzime. Onani kukula kwake kutsogolo kwa lenzi yanu kapena kuseri kwa chivundikiro. Malenzi ambiri a 18-55mm amakhala a 52, 55 kapena 58mm. Dziwani kuti imadya kuwala, moti kamera imalandira theka kapena kuchepera apo, choncho galu akayamba kuthamanga muichotse.

Mvula yowaza ya ku Edinburgh, yonga chiperoni cha ku Thyolo, isakubwezeni kunyumba. Ikangokata kumene, masamba ndi miyala ya mumsewu zimakhala ndi mtundu wozama kuposa tsiku ladzuwa. Chofunika n'kuchotsa thambo loyera m'chithunzi. Lozani kamera pansi pang'ono, kapena sendezani lenzi ku 55mm kuti mtengo udzaze malo onse.

Za nthawi muyenera kuzikonzekera, chifukwa mwati mumajambula mukaweruka. Edinburgh ili pafupi ndi madigiri 56 kumpoto. Kumapeto kwa Okutobala, ngakhale masana enieni, dzuwa limangokwera madigiri pafupifupi 20 kuchokera pansi. Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 madzulo. Mukatuluka muofesi 5 koloko, dzuwa lalowa kale. Masamba ajambuleni pa nthawi ya nkhomaliro kapena Loweruka m'mawa. Ubwino wake ndi woti dzuwa lotsika chotero limakhala lofewa tsiku lonse, simuyenera kulawirira m'bandakucha monga timachitira kwathu. Kuipa kwake ndi koti malo okhala m'chigwa, monga Dean Village m'mphepete mwa mtsinje wa Water of Leith, amalandira dzuwa kwa nthawi yochepa, ndipo mbali imodzi imawala pamene ina ili mumdima. Kumeneko pitaniko tsiku la mitambo.

Tibwere ku nyumba. Zimagwa chagada chifukwa mukuloza kamera m'mwamba kuti denga lilowe. Kamera ikangopendekera m'mwamba, pansi pa nyumba pamakhala pafupi ndi lenzi kuposa pamwamba, ndiye makoma amayamba kusendera pamodzi. Lenzi ikakhala pa 18mm, kapena foni ikakhala pa 0.5x, kupendekekako kumakula. Mankhwala ake ndi mapazi. Bwererani m'mbuyo, sendezani lenzi ku 35mm kapena 55mm, pa foni ikani 2x, ndipo kumbuyo kwa kamera kuime chilili molingana ndi khoma. Yatsani mizere ya grid kuti muziona ngati ngodya ya nyumba ikutsatira mzere woongoka. Pansi pa chithunzi padzadzaza msewu wambiri, koma umenewo mudzaudula pambuyo pake, kapena mudzaikapo galu.

Tengani Scott Monument, nsanja ya chikumbutso imene ndi yotalika mamita 61. Mukaima patsinde pake m'Princes Street palibe chimene mungachite, igwa basi. Yendani mpaka cha ku msewu wokwera wa The Mound, muijambule muli patali, mitengo ya m'Princes Street Gardens ili patsogolo pake. Chitani zimenezi Novembala asanafike pakati, msika wa Khirisimasi usanadzaze m'mundamo. Njira ina ndi kukwera. Ku Victoria Street, kumene kuli mashopu opakidwa utoto wamitundumitundu m'msewu wokhota, pamwamba pake pali Victoria Terrace. Mukaima pamenepo mumakhala chapakati pa msinkhu wa nyumbazo, ndipo makoma amaongoka okha popanda kuloza m'mwamba.

Pamene palibe kothawira, monga m'tinjira topanikiza ta ku Old Town, jambulani mosiya malo otsala kumbali zonse. Pambuyo pake muongole pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed, pa chida cha Perspective, kapena ya Lightroom. Kuongola kumadya m'mbali mwa chithunzi, n'chifukwa chake mufunika malo otsalawo. Ndipo musaongole mpaka kumapeto. Nyumba yaitali imene yaongoledwa ndendende imaoneka ngati yakula kumutu, chifukwa diso linazolowera kuti pamwamba pamachepa pang'ono.

Pali vuto lina limene simunalitchule koma mukumana nalo. Nyumba zambiri zakale za mumzindawu ndi za mwala wa sandstone umene unada ndi utsi wa malasha. Mwala wakuda ukakhala kutsogolo kwa thambo lowala, kamera imayeza thambolo, nyumba n'kusanduka mthunzi chabe. Kwezani +/- kufika pa +0.7, kapena dikirani madzulo. Apa ndi pamene kuweruka 5 koloko kumakuthandizani: pakadutsa mphindi 20 mpaka 40 dzuwa litalowa, thambo limakhala labuluu wozama, magetsi a m'mawindo ayaka, ndipo kuwala kwa ziwirizi kumalingana. Ikani f/8 (kukula kwa bowo la lenzi) ndi ISO 200 (mphamvu ya kamera yomvera kuwala), khazikani kamera pa khoma kapena pa chitsulo cha mlatho, yatsani timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisaigwedeze podina.

Tsopano galu, amene ndi wovuta kuposa zonse, chifukwa zofuna zake zimatsutsana ndi za masamba. Galu wakuda akadzaza chithunzi chonse, kamera imawalitsa mpaka ubweya wake utuwe. Apa tsitsani kufika pa -0.7. Koma akakhala wamng'ono pakati pa masamba owala, kamera imatsatira masambawo, iye n'kumira mumdima. Apa pamafunika +0.7, pamene masamba amafuna kutsitsa. Ziwirizi simungazikwaniritse ndi batani limodzi. Chimene chimathandiza n'kusankha malo. Muikeni galu pamthunzi wowala, kapena mujambuleni tsiku la mitambo, kumbuyo kwake kukhale masamba abulauni kapena khoma la mwala, osati thambo kapena udzu wowalidwa ndi dzuwa. Kusiyana pakati pa iye ndi zomuzungulira kukachepa, kamera imatha kugwira zonse. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yaona, ngati kamera ikulola, +/- ikhale pa 0, kenako pokonza mukweze Shadows, chida chowalitsa malo amdima, ndi 30 mpaka 50. Mukapyola apo, ubweya umadzaza timadontho ndipo umayamba kuoneka wabuluu.

Maso amaoneka pokhapokha ngati muli kadontho ka kuwala mkati mwake. Nkhope ya galu iyang'ane kumene thambo likuwala kwambiri, inu mukhale pakati. Ndipo gwadani. Galu wojambulidwa ndi munthu woimirira amakhala msana ndi pamwamba pa mutu basi, maso ali mumthunzi wa chipumi. Kamera ikatsika pa msinkhu wa maso ake, thambo limalowa m'masomo, ndipo masamba a pansi amadzaza kutsogolo kwa chithunzi. Tengani kapepala ka pulasitiki kogwadira, pansi pamakhala ponyowa. Fulashi isiyeni: kuseri kwa diso la galu kuli kachikopa kobweza kuwala, ndipo fulashi imakasandutsa magetsi awiri obiriwira.

Autofocus, imene imasankha yokha malo oti aoneke bwino, imavutika pa ubweya wakuda chifukwa imafuna malo amene kuda ndi kuyera zikukumana. Sankhani kadontho kamodzi ka focus, kaikeni pa diso limene lili pafupi ndi inu. Mukasiyira kamera, imagwira mphuno, maso n'kukhala osaoneka bwino. Galu akakhala pansi, liwiro la shata la 1/250 ya sekondi likwanira, pa f/5.6. Akamathamanga pamafunika 1/1000, focus ikhale pa AF-C, kapena AI Servo ngati kamera ndi Canon, kuti izitsatira galu akamasuntha, ndipo ikani pojambula motsatizana. Lenzi yanu pa 55mm sitsegula kupyola f/5.6, choncho pa kuwala kwa Novembala ISO ifika 1600 kapena 3200. Musaope. Chithunzi cha timadontho tobwera ndi ISO yokwera chimakonzeka, chogwedezeka ndi chotaya. Yambani ndi galu wothamanga modutsa kutsogolo kwanu. Wobwera molunjika kwa inu ndi amene amagonjetsa makamera otchipa, chifukwa mtunda umasintha msanga kuposa liwiro la lenzi.

Kuti ayang'ane, gwirani kachakudya pamwamba penipeni pa lenzi. Kaphokoso kachilendo kamadzutsa makutu kamodzi kapena kawiri, kenako amazolowera, ndiye muimbe mluzu chala chili kale pa batani. Muyambe mwamuthamangitsa kaye pang'ono, koma osafika potulutsa lilime lonse. Za malo: ku Royal Botanic Garden kuli mitengo yokongola, koma agalu salowa kupatula othandiza anthu olumala. Inverleith Park ili moyandikana nayo ndipo kumeneko amaloledwa, chimodzimodzi ku paki ya The Meadows. Mukamukhazika m'masamba, yang'anani kaye ngati mulibe njere za mtengo wa horse chestnut kapena wa oak, chifukwa galu akazidya zimamudwalitsa.

Mukadzabwera kwathu cha mu Ogasiti kapena Seputembala, mitengo ya mombo ikamatulutsa masamba atsopano ofiira, White Balance ya Cloudy ndi -0.7 zidzagwiranso ntchito, kungoti kumeneko dzuwa limakwera msanga ndipo mudzayenera kulawirira.

Pobwerera kunyumba musatulutse kamera m'chikwama nthawi yomweyo. Galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wa m'nyumba limachita thukuta, kunja ndi mkati momwe, ndipo chinyezi chikamakhalitsa mu lenzi chimameretsa nkhungu. Chotsani memory card musanalowe, chikwama chikhale chotseka kwa mphindi 30 mpaka ola. Batire yapadera muziisunga m'thumba lamkati la jekete, chifukwa kuzizira kumaimaliza msanga. Potumiza zithunzi kwa abale pa WhatsApp, sankhani HD kapena mutumize ngati Document. Njira wamba imachepetsa chithunzi, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi timasamba ting'onoting'ono ndi ubweya wakuda. Ngati kumudzi bandulo ndi yochepa, chepetsani nokha chithunzicho kufika pa mapikiselo 2000 mbali yaitali musanatumize ngati Document.