Kugula mfuti ya semi-automatic kwa munthu wamba ku England: zimene lamulo likufuna

Bambo, mwandilembera kuti muli ndi chiphaso cha mfuti za mtundu wa shotgun ndipo mwapeza munthu amene akugulitsa yake yakale, yodzilowetsera yokha chipolopolo ikangowombedwa, koma mukufuna kudziwa ngati chiphaso chanucho chikukwanira. Yankho lagona pa mfutiyo, makamaka pa magazini yake (kachipangizo kosungiramo zipolopolo), ndipo ndikukupemphani kuti musapereke ndalama musanaiyang'ane bwino.

Lamulo la Firearms Act 1968 limalola kuti mfuti isungidwe ndi chiphaso cha shotgun ngati mpope wake ndi wosalala m'kati, ndi wotalika mainchesi 24 kapena kuposerapo, ndiponso magazini yake ndi yosachotseka ndipo singalowe zipolopolo zoposa ziwiri. Kuphatikiza chimodzi chimene chili kale mumpope, zonse pamodzi zimakhala zitatu. Malire amenewa anaikidwa mu 1988, munthu wina atapha anthu 16 m'tawuni ya Hungerford ku England mu 1987. Mfuti yolowa zipolopolo zambiri kuposa pamenepa imagwera mu ndime 1 ya lamuloli, imene imafuna chiphaso china chovuta kupeza, chimene apolisi amaperekera chilolezo cha mfuti iliyonse payokhapayokha atamva chifukwa chomveka choifunira.

Apa ndi pamene anthu oona mtima ambiri amagwera m'mavuto. Mfuti zambiri za mtundu umenewu zinapangidwa kuti zizilowa zipolopolo zinayi kapena zisanu, kenako zinachepetsedwa. Lamulo limati magazini yochepetsedwa iyenera kukhala ndi chidindo chovomerezeka, komanso kalata yotsimikizira kuchokera ku imodzi mwa nyumba ziwiri zoyesera mfuti, ya ku London kapena ya ku Birmingham. Kamtengo kongolowetsa m'magazini, kamene munthu angakachotse ndi zala, sikakwanira. Choncho mukakafika, funsani kalatayo, yang'anani chidindocho pa chitsulo cha magazini, kenako lowetsani zipolopolo zoyeserera zopanda onga: chachitatu chiyenera kukana kulowa. Yezaninso kutalika kwake, chifukwa mfuti yotereyi ikakhala ndi mpope wosafika mainchesi 24, kapena yonse ikakhala yosafika mainchesi 40, ndi yoletsedwa kotheratu pansi pa ndime 5, ndipo munthu wamkulu wopezeka nayo amalandira chilango chosachepera zaka zisanu m'ndende pokhapokha khothi litapeza zifukwa zapadera. Ndikutsindika zimenezi chifukwa pa mlandu wosunga mfuti popanda chiphaso choyenera, kunena kuti wogulitsa ndiye anakunamizani sikukupulumutsani.

Nyumba ziwiri zomwezo ndi zimenenso zimayesa kulimba kwa mpope. Ndi mlandu kugulitsa mfuti yopanda chidindo chosonyeza kuti inayesedwa, kapena imene mpope wake unakulitsidwa m'kati kupitirira muyeso. Zidindo za mayiko ena, monga Italy ndi Belgium, zimavomerezedwa.

Za kagulitsidwe kake, lamulo la mu 1997 limafuna kuti mfuti iperekedwe pamasom'pamaso. Wogulitsa ayenera kuona chiphaso chanu chenicheni, osati chithunzi cha pafoni, atsimikize kuti sichinathe ntchito popeza chimakhala cha zaka zisanu, ndipo alembemo mtundu wa mfuti, nambala yake ndi tsiku la malondawo. Ngati mukukhala motalikirana, mfuti isatumizidwe kunyumba kwanu. Idutse kwa wamalonda a mfuti wolembetsedwa ndi apolisi, ndipo mukaitengere kumeneko mutanyamula chiphaso.

Pasanathe masiku asanu ndi awiri, aliyense wa inu awiri ayenera kudziwitsa apolisi amene anam'patsa chiphaso chake, kufotokoza mfutiyo, nambala yake, kuti yagulitsidwa, komanso dzina ndi adiresi ya mnzakeyo. Udindo umenewu ndi wa aliyense payekha, moti wogulitsa akatumiza kalata yake sikuti wakuchitirani yanu. Tumizani kudzera pa positi yosainira kapena njira ya pa intaneti imene apolisi anu amavomereza, ndipo sungani umboni woti munatumiza. Kulephera kuchita zimenezi ndi mlandu, ndipo kungachititse kuti akulandeni chiphaso.

Ndikulangizaninso, ngakhale lamulo silikukakamizani, kuti mulembe risiti yosainidwa ndi nonse awiri, yonena kuti magazini ndi ya zipolopolo ziwiri ndipo chidindo cha mpope chilipo. Wogulitsa amene ndi munthu wamba sakhala ndi udindo wofanana ndi wa sitolo pa ubwino wa katundu, koma katunduyo ayenera kufanana ndi mmene wam'fotokozera, ndipo risiti imeneyo ndi imene mungagwiritse ntchito pofuna ndalama zanu. Mukakayikira chilichonse pa magaziniyo, isiyeni mfutiyo m'manja mwa mwini wake mpaka wamalonda wolembetsedwa ataiyang'ana.