Bwanji mowa watenga mlongo wanga, abwana ake ali moyo?

FUNSANI ANAMWINO

Anamwino, mlongo wanga tamuika mwezi wathawu ali ndi zaka 34. Anatupa mimba ndi miyendo, maso anachita chikasu, kenaka n'kuyamba kusanza magazi. Kumwa ankamwadi kachasu, koma abwana amene ankawagwirira ganyu ku dimba la mbatata ya kachewere amamwa tsiku lililonse, ndipo ali gwa ngakhale ndi achikulire. Kumudzi akuti anachita kulodzedwa. Amuna anganso amamwa. Ndimve ziti?
Mayi wa ku Domwe, Angonia

Pepani ndi maliro, mayi. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za chiwindi chimene chawonongeka, ndipo ndasamalirapo anyamata ambiri otere m'wodi ya abambo. Mowa wa zaka zambiri umaumitsa chiwindi. Chikauma, magazi amalephera kudutsamo, madzi amadzaza m'mimba, mitsempha ya kum'mero imafufuma mpaka kuphulika. Magazi amene ankasanza aja ankachokera pamenepo. Musalole kuti nkhalamba ina ya m'mudzi ilozedwe chala.

Mukukumbukira za ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa ku Mozambique, mu Januwale 2015? Anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pa maliro, ndipo dziko lonse linkati munthu wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima anapeza poizoni wochokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wowonongeka umene anafululira mowawo.

Tsono za abwanawo. Funso lanu ndi lomveka, ndipo ofufuza m'maiko ambiri anapeza zomwezo: wosauka ndi wolemera akamamwa mowa wofanana kuchuluka, amene amafa msanga ndi wosauka. Taganizirani tsiku la mlongo wanu. Walima kuyambira m'bandakucha m'mimba mulibe kanthu, malipiro walandira madzulo, nsima asanaione wayamba wakhotera kotcheza kachasu, chifukwa kabotolo ka kachasu ndi kotchipa kuposa ndiwo. Abwana amamwa atakhuta, mowa wawo ndi woyezedwa kufakitale, pomwe mphamvu ya kachasu ngakhale wotcheza saidziwa. Iwo akangomva kuphwanya m'thupi, galimoto ilipo yowafikitsa kuchipatala ku Ulongwe kapena ku Tete. Waganyu amadikira mpaka mimba itatupa, popeza tsiku lopita kuchipatala ndi tsiku logona ndi njala. Onjezanipo TB, imene imagwira kwambiri anthu omwa mwauchidakwa, ndi kachilombo kowononga chiwindi ka hepatitis B kamene ambiri ali nako osadziwa. Izi zimandipweteka mtima kwambiri. Komabe musaganize kuti abwanawo apulumuka, chiwindi chimatha kuwonongeka zaka zambiri munthu akuoneka wathanzi.

Zaka za mlongo wanu sizikundidabwitsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa za anthu 2.6 miliyoni pa dziko lonse, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Ambiri ndi a msinkhu wogwira ntchito. Anyamata kawirikawiri sadikira n'komwe chiwindi: amathera pa njinga zamoto mumsewu wa ku Calomue, m'ndewu za pamowa, ena amadzipha. Achikulire ndi amene amapita ndi mtima, sitiroko ndi khansa. Amayi akufa ochepa chifukwa omwa ndi ochepa, koma thupi la mkazi limawonongeka ndi mowa wochepa kuyerekeza ndi la mwamuna, ndipo woyembekezera asaulawe n'komwe.

Za bambo akunyumbako, lankhulani nawo m'mawa asanamwe, osati usiku atakhuta, ndipo ngati amachita nkhanza itanani ankhoswe akhalepo. Muwayang'ane m'maso poyera ngati muli chikasu, ndiponso miyendo ngati ikutupa. Asazolowere kumeza Panado wambirimbiri pochotsa matsire, amawonjezera chilonda pa chiwindi. Ngati manja amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako pang'ono, asasiye mwadzidzidzi ali kunyumba, chifukwa akhoza kukomoka ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kufa kumene. Apite kuchipatala, akanene zoona za kuchuluka kwa mowa umene amamwa, ndipo akapemphe kuyezedwa chiwindi, TB ndi HIV. Muwaperekeze, chifukwa abambo ambiri akakhala okha pamaso pa namwino amati amangolawa.