Hybrid kapena SUV: ndi iti yosamwa mafuta?

Funso: Akonzi, ndikufuna kuitanitsa galimoto ku Japan. Wogulitsa akuti Toyota Aqua imayenda makilomita oposa 35 pa lita, koma msewu wa kumudzi ndi wokumbika, ndiye mtima uli pa SUV. Nambalayi ndiikhulupirire?
Wowerenga, Lilongwe

Yankho: Nambalayi sanaipeke, koma pamsewu simudzaiona. Aqua ya 2011 inalembedwa makilomita 35.4 pa lita pa mayeso a JC08, ochitikira m'nyumba, matayala akuzungulira pa makina, AC ili yozimitsa. Choncho poyerekeza magalimoto, yerekezerani nambala ya JC08 ndi ya JC08 inzake, ya WLTC (mtundu wina wa mayeso otere) ndi ya WLTC. Mukaona L/100km (malita pa makilomita 100), gawani 100 ndi nambalayo: 5 ndiye makilomita 20 pa lita.

Hybrid ngati Aqua, yomwe imayendera injini ya petulo komanso batire, imapindula m'tauni. Pa mdipiti wa magalimoto injini imazima yokha, ndipo mukaponda buleki batire imachajika. Pa M1 injini imagwira ntchito pafupifupi ulendo wonse, phindulo limachepa. SUV ndi yolemera, mphepo imaikankha kwambiri, imamwa ndithu, komabe Aqua ndi yotsika, pansi pake pamagunda miyala.

Musanalipire, pimitsani batire ya hybrid pa kompyuta. Ikafooka, injini imangolira osapuma, mafuta n'kumapita. Chimaipha msanga ndi kutentha, makamaka fumbi likatseka fani yake ya pansi pa mpando wakumbuyo.

Mukagula galimotoyo, dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, bwezani trip (kowerengera makilomita a ulendo) pa 0, yendani sabata, dzazaninso. Gawani makilomita ndi malita mwathirawo.