Ampu ya machubu ya blues ndi jazz, yankho kwa achimwene a ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Nkhotakota, akuti mng'ono wawo amene ali ku Johannesburg wavomera kuwagulira ampu ya gitala, akufuna ya machubu (timababu tagalasi tokuza mawu, ena amati mavalavu), imodzi yokha yoti izigwira blues komanso jazz, nde asankhe iti? Funso labwinobwino. Koma kumapeto anawonjezera kamzere kena kamene kandisowetsa mtendere mpaka lero, akuti anzawo a mu bandi akuwaseka kuti zimenezo ndi zachizungu, bola angogula chiampu cha mawati 100 choti chizimveka pa ukwati.

Achimwene, mawu amenewo ine ndakhala ndikuwamva kuno ku Salima kwa zaka zambiri ndipo amandiwawabe.

Nditayamba kuimba m'maloji a ku Senga Bay tinali atatu, ine pa gitala, wina pa besi, wina pa madiramu, Loweruka madzulo alendo ali pa chambo chawo. Ampu sinali yanga, inali ya mdala wina amene ankatitsogolera, munthu woti anaimbapo m'mahotela a ku Blantyre kalekale. Fender Twin Reverb, mawati 85, masipika awiri a mainchesi 12, machubu anayi a 6L6 kumbuyo, kulemera kwake pafupifupi makilo 30. Akabaza a pa Kamuzu Road ankangoti akaiona n'kupukusa mutu, nde tinkadikira galimoto ya matola, kuikweza awiriawiri, wina kuikumbatira njira yonse kuti isagubuduke. Kufika kumeneko thukuta kamukamu, kuyatsa, volyumu ili pa 2 pokha, mkulu wa pa loji wafika kale, akuti tatsitsaniko pang'ono alendo sakumvana. Pa jazz mawu ake anali okoma zedi, zimenezo sindingakane, oyera, onenepa, ukagwira nsambo zingapo pamodzi iliyonse imamveka payokha. Koma tikafika pa blues, pamene mtima umafuna gitala ilire, mawu asase pang'ono ngati a mtsogoleri wa kwaya amene wachezera kuimba pa maliro, Twin ija inkangokhala yoyera mbee, osasuntha. Kuti isase umayenera kuikweza mpaka asodzi ali pa nyanja atembenuke, ndipo malo oti uchite zimenezo kuno kulibe.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Ampu ya machubu ili ndi malire ake, ukamaimba pansi pa malirewo mawu amakhala oyera, ndi kumene kumakhala jazz, ukangowafika machubu amayamba kupanikizika n'kusasa mofewa, ndi kumene kumakhala blues. Tsono ampu yogwira zonse ziwiri ndi imene malire akewo ali pafupi ndi volyumu yomwe inu mumaimbira tsiku ndi tsiku. Mukaikhazika pamenepo zotsalazo zimachitika ndi zala komanso kabatani ka volyumu ka pa gitala, katsitseni kufika pa 6, sankhani pikapu (kachipangizo kotola mawu a nsambo) ya kufupi ndi khosi la gitala, bwezani pang'ono kabatani ka toni kosinthira kuthwa kwa mawu, jazz imeneyo. Katsegulireni pa 10 n'kumenya nsambo mwamphamvu, blues yafika, osakhudza ampu olo pang'ono, osaponda pedo (kabokosi kosinthira mawu ndi phazi) iliyonse.

Ndipo za mawati 100 zija, anthu amaganiza kuti 100 imamveka kawiri kuposa 50, ayi ndithu, kusiyana kwake ndi madesibelo (muyeso wa phokoso) atatu basi, khutu limangomva kuti pawonjezeka pang'ono. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Komanso pa ukwati pomwe akunenapo, phokoso limachokera ku masipika akuluakulu a mwini zida aja, inu mumangoika mayiki kutsogolo kwa ampu yanu n'kulowetsa mu mikisa. Nde chiampu chachikulucho mukuchinyamuliranji? Ine ndimanena poyera, ambiri amene amalimbikira zida zikuluzikulu amafuna zioneke pa siteji, nkhani ya kamvekedwe saiganizira n'komwe.

Koma chimene chandiwawa kwenikweni ndi mawu akuti zachizungu. Zachizungu ziti? Alan Namoko, munthu wosaona wa ku Thyolo, ankaimba banjo ndi gulu lake lotchedwa Chimvu Jazz Band, mvetserani mmene mawu ake amadandaulira mundiuze ngati kulira kumene kuli mu blues n'kwachilendo kwa ife. Erik Paliani ndi mwana wa kuno kwathu, gitala yake inamufikitsa poimba ndi Hugh Masekela, woimba lipenga wotchuka wa ku South Africa. Blues yeniyeniyo anaiyambitsa ndi anthu akuda a kummwera kwa America, zidzukulu za akapolo, ndipo inu a ku Nkhotakota mbiri ya ukapolo simuchita kuuzidwa, mumadutsa pamalo ake tsiku lililonse. Munthu akafuna kuti gitala yake imveke bwino, akufuna kulemekeza anthu amene akumumvera, palibe chodzikweza pamenepo. Anzanuwo asakufooketseni. Mnyamata wina waluso kwambiri kuno anasiya gitala chifukwa cha kusekedwa kotereku, pano amangoimba kiyibodi m'maukwati, ndikakumana naye mtima umandipweteka.

Sindikunena kuti ampu yopanda machubu ndi yoipa ayi. Roland JC-120 inatuluka mu 1975 ndipo oimba jazz ambiri amaikonda mpaka pano, B.B. King amene, katswiri wa blues wa ku America, anakhala zaka zambiri akugwiritsa ntchito Lab Series L5, yopanda chubu olo chimodzi. Munthu amene ndalama zili zochepa agule yotere aziimba ndi mtima wonse. Kungoti machubu amamvera dzanja mwa njira yawoyawo, ukasisita nsambo amanong'ona, ukakanda amakalipa, ndipo poti mwapeza mwayi woti wina akugulireni, tengani mwayiwo.

Za magetsi athu

Izi ndiye musazidumphe. Kuno magetsi ndi mavoti 230, ampu zogulitsidwa ku America ndi za 120. Mnzanga wina anatumiziridwa ampu yokongola kuchokera kumeneko, ankaigwiritsa ntchito ndi thiransifoma yotsitsa magetsi bwinobwino, tsiku lina pa chinkhoswe kamnyamata kothandiza kulumikiza zida kanangoibaya pa soketi mwachindunji, kunamveka kuti phwaa, kafungo kakupsa, basi. Tinapita nayo kwa agogo ena okonza mawailesi, mmodzi mwa anthu ochepa amene anagwirako mawailesi akale a mavalavu, anaitsegula, kununkhiza thiransifoma ya mkati, n'kungotiyang'ana. Inakhala miyezi yambiri ikudikira chipangizo chochokera kunja. Agogo omwewo ndi amene anandichenjeza kuti mkati mwa ampu yotere mumakhala mavoti opitirira 300 ndipo tizipangizo totchedwa makapasita timasunga magetsiwo olo mutazimitsa n'kuzula pulagi, nde musamalowetsemo dzanja, ndiponso musamaipereke kwa aliyense amene amakonza mafoni. Mwayi wanu ndi woti South Africa nayonso ndi 230, ya ku Johannesburg idzagwira, mudzangosintha pulagi kuika ya mano atatu yathuyi. Komabe mng'ono wanuyo awerenge kumbuyo kwake asanapereke ndalama, makamaka ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito.

Magetsi akazima mukuimba, chinthu choyamba zimitsani ampu, adzutse jenereta, ikhazikike kaye, kenako muyatse. Jenereta ikamadzuka magetsi ake amakwera n'kutsika ndipo machubu sagwirizana nazo. Gulani sitabilaiza yabwino, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi thiransifoma. Musayatse ampu ya machubu sipika isanalumikizidwe, imapsa. Kutentha kwa mu Okutobala kuno kunyanja mukukudziwa, musaigunditse kukhoma, kumbuyo kuzipita mpweya. Chinyontho nachonso chimachititsa dzimbiri m'mabowo olowetsa waya ndipo mabatani amayamba kukhwekhwereza, nde isamagone pansi pa simenti, ikwezeni pa tebulo muifunditse nsalu, apo ayi mphemvu ndi makoswe apezamo nyumba poti kumbuyo kumakhala kotsegula.

Tsono mugule iti. Ndalama zikalola, Fender Deluxe Reverb, mawati 22, machubu awiri a 6V6, sipika imodzi ya mainchesi 12, kwa ine imeneyi ndiye yankho, malire ake ali pomwe bandi ya anthu atatu kapena anayi imaimbira. Zikavuta, Blues Junior, mawati 15, machubu a EL84, makilo ngati 14, ndi imene ine ndili nayo pano ndipo wakabaza amainyamula osadandaula. Imafulumira kusasa, nde pa jazz kwezani batani la Master, la Volume likhale pansi, batani la FAT lizimitseni, ndipo mukasintha chubu choyamba cha 12AX7 n'kuikapo 5751 kapena 12AY7 mawu oyera amatalika ndithu. Ngati wa madiramu wanu ali ndi dzanja lolemera ndipo mumaimba panja popanda mayiki, Hot Rod Deluxe ya mawati 40 kapena Peavey Classic 30, koma pamwamba pa apo musapite.

Mng'ono wanuyo aiyese konko, volyumu aifikitse pakati, amvetsere ngati ikung'ung'uza kapena kuthetheka, akujambulireni pa foni atumize pa WhatsApp. Agulirenso machubu apadera, awiri a mphamvu ogulitsidwa ngati peya yofanana (anayi ikakhala Peavey Classic 30) ndi 12AX7 imodzi, kuphatikiza mafyuzi a saizi yake, chifukwa zimenezi simudzazipeza pa msika wa Nkhotakota kapena Salima. Mukatha kuimba idikireni izizire musanainyamule, ndipo pa minibasi ya mu M5 musalole kondakitala aiponye ku buti pamodzi ndi matumba a mpunga, ilipirireni mpando wake kapena muikhazike pamiyendo.