Akutumiza ku Mangochi, ndiye ukudandaula chani?

Mtsikana wina wophunzira udokotala ku yunivesite ya KUHeS wandilembera imelo, akuti "Achimwene, atiuza kuti tipita ku Mangochi kukapanga rotation (kukaphunzira ntchito m'chipatala kwa kanthawi), kodi sikutaya nthawi kumeneko? Ma consultant (madokotala akuluakulu) onse ali ku Queens."

Mchemwali wanga, pita basi. Ku Queens pa ward round umakhala kumbuyo kwa chikhamu, ma registrar, ma intern, iwe kumangosuzumira pamapewa a anzako mpaka round kutha wodwala osamukhudza n'komwe. Kuno wodwala amakhala pamaso pako, ndipo poti CT scan kulibe umadalira makutu ndi manja ako, kenako uganize wekha ngati munthuyu angathandizidwe pompano kapena ndi wotumiza ku Zomba Central, komwenso si pafupi makamaka kwa munthu woti wachokera kale ku Makanjira pamsewu uja.

Ine chomwe chinanditsegula maso ndi bambo ena pa health centre ina, ndinawalembera amoxicillin katatu pa tsiku, ndili ndi matama anga a mtauni, patatha masiku abweranso chifuwa chili chomwecho. Clinical officer wa pamenepo anangoseka, amvekere "adokotala, munawafunsa ngati akusala?" Unali mwezi wa Ramadan, bambo aja ankamwa mankhwala usiku wokha, ine funso limenelo silinandibwerere ngakhale pang'ono. Ndiye ma clinical officer, manesi ndi ma HSA (alangizi a zaumoyo) usawaderere chifukwa choti iwe ukupanga MBBS (digiri ya udokotala), ena anayamba ntchito iwe uli ku pulaimale.

Chiyao phunzirako ndithu. Ukangoti "ajimwiche uli" (mwadzuka bwanji) agogo amene anangoti duu amamasuka, nkhani n'kuyamba kutuluka. Koma ukamadalira guardian kumasulira dziwa kuti zina amadula, makamaka za amayi.

Matenda ndiye uwaona, malungo tsiku lililonse, likodzo la ana osambira m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, mwana akukodza magazi makolo osadabwa chifukwa anzake onse akutero, ndipo praziquantel, mankhwala a likodzo, ukamupatsa mawa abwereranso m'madzi momwemo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inavutanso kwambiri kuno, ukafunse manesi akuuze momwe ankagwirira ntchito.

Tenga neti, tochi ndi power bank. Ngati ukubwera mu Okutobala kafani ka mabatire usaiwale, kutentha kwake usiku tulo sumatiwona.