Yambani bandiyo, koma ngongole ya zida musatenge

Achimwene, ndawerenga funso lanu kawiri, ndipo ndaona kuti ambiri akuyankhani pa nkhani ya mitengo ya zida pamene nkhani yaikulu ili pena. Mwanena kuti mulipo anayi ku Kawale, kuti munadziwana chifukwa chokonda nyimbo za reggae za ku Chileka, ndiponso kuti Loweruka lililonse mumakumana n'kumamvera nyimbo mpaka usiku, moti tsopano mwayamba kuganiza zoyambitsa bandi yanuyanu. Mwanenanso kuti awiri amadziwa gitala, mmodzi amaimba kwaya kutchalitchi, pamene wachinayi sadziwa chida chilichonse koma ndiye ali pa ntchito ndipo akufuna kutenga ngongole kuti mugule ng'oma, kiyibodi ndi zokuzira mawu. Mukufunsa ngati n'koyenera kuyamba komanso poyambira pake. Yankho langa ndi lakuti yambani ndithu, koma ngongoleyo musatenge, ndipo musagule kanthu kalikonse kakakulu kufikira mutayesana kwa miyezi itatu.

Ndikulankhula ngati munthu amene anaimbapo besi kwa zaka zisanu m'bandi ina yaing'ono ku Blantyre, imene nayonso inayamba ndi anyamata okonda nyimbo zofanana. Chimene tinachizindikira mochedwa n'chakuti kumvera nyimbo pamodzi kumabisa zambiri. Pomvera palibe amene amalakwitsa, palibe amene amachedwa, ndipo aliyense ndi katswiri wodziwa pamene woimba wina akanakonza bwino. Tsiku limene mudzanyamule zida m'pamene mudzadziwe kuti mnzanu amene mumaseka naye kwambiri amathamangitsa nyimbo, kuti wina safuna kuuzidwa, ndi kuti wina amafika nthawi itatha ali ndi chifukwa chatsopano sabata iliyonse. Anthu amenewa si oipa ayi, kungoti ubwenzi wanu sunayambe wafunsapo wina kuti abwereze mzere umodzi kakhumi pamaso pa anzake.

N'chifukwa chake ndikuti muyesane kaye. Sankhani masiku awiri pa sabata ndi ola lake losasinthasintha, sankhani nyimbo zisanu zokha, ndipo muzizibwereza mpaka zitakhazikika musanaonjezere ina. Tsiku lililonse muziika foni pakati n'kujambula zonse, kenako muzimvera limodzi musanabalalike, chifukwa foni sikondera ndipo imanena zimene mnzanu akuchita manyazi kukuuzani. Mmodzi wa inu azilemba m'kabuku amene wabwera ndi nthawi imene wafika. Ikatha miyezi itatu kabukuko kadzakuuzani ngati muli ndi bandi kapena muli ndi anthu anayi okonda nyimbo, ndipo zonse ziwirizo n'zabwino, kungoti chachiwiricho sichifuna ngongole.

Pali vuto lina limene mwina simunalione m'mene mwakhaliramo. Muli ndi oimba gitala awiri koma mulibe wa besi kapena wa ng'oma, chonsecho reggae imene mumaikondayo imaima pa zida ziwiri zimenezi. Gitala mu reggae amagwira ntchito yochepa yodula m'mipata, pamene besi ndiye amanyamula nyimbo yonse, ndipo wa ng'oma akangotaya pang'ono pamene akuyenera kumenya, aliyense wovina amamva m'miyendo ngakhale sadziwa kufotokoza chalakwika. Tanthauzo lake n'lakuti mmodzi mwa oimba gitala anuwo ayenera kusiya chida chimene amachikonda n'kupita ku besi, ndipo m'mene nkhani imeneyi idzathere mudzaonera m'mene nkhani zina zonse za bandiyo zizithera. Ine ndinapita ku besi monyinyirika, ndipo panapita chaka ndisanavomereze kuti ndiko kunali kwanga. Mnzanu wachinayiyo, ngati ali ndi khutu labwino, ayambe kuphunzira ng'oma kuyambira lero pa ng'oma wamba ya chikopa ndi maseche. Ngati zimenezo sizikutheka, akhoza kugwira ntchito yofunafuna malo oimbira ndi kulondoloza ndalama, imene ndi ntchito yeniyeni, bola zimveke kuti akutumikira gulu osati kuligula.

Pa nkhani ya zida, mbiri ya nyimbo zathu ikutsutsana ndi maganizo akuti bandi imayamba ndi masipika. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka komweko anatchuka mpaka ku Ulaya ndi gitala, chitoliro ndi besi ya nsambo imodzi, poimba kwela imene anaidziwira ku Harare, mzinda umene nthawi imeneyo unkatchedwa Salisbury. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, anasiya dzina ndi banjo. Mumzinda mwanu momwemo, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anakhala zaka zambiri akuimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha (besi yaikulu ya nsambo imodzi), gitala wa nsambo zinayi ndi ng'oma yomenya ndi chidendene, kufikira pamene anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyenda m'mayiko a ku Ulaya. Sindikunena kuti inunso mupange babatoni, ngakhale sikungakhale kulakwa. Ndikungonena kuti chimene chinawanyamula anthu amenewa ndi zaka zoimba limodzi mpaka wina kumadziwa kumene mnzake akupita asanafikeko, ndipo chimenechi sichigulitsidwa m'sitolo. Palinso phindu lina loyeserera ndi zida zosafuna magetsi, lakuti magetsi akathima inu mumapitiriza.

Mukafika pofuna kumva m'mene mukumvekera pa zida zamagetsi, bwerekani kapena lipirani maola ochepa kumene zilipo. Mnzanu wa kwayayo akhoza kukapempha kwa akuluakulu a mpingo, koma apemphe poyera ndipo anene zoona za mtundu wa nyimbo zimene mukufuna kuimba, chifukwa mipingo ina silola zida zake kuimbira nyimbo zakunja kwa tchalitchi, ndipo kuzembetsa kiyibodi kudzamuchotsera ulemu iyeyo. Njira ya mpingoyi musaipeputse, pakuti Alleluya Band ya ku Balaka, imene Paul Banda anaiyambitsa mu 1978, inakulira pansi pa mpingo wa Katolika mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo m'menemo ndi m'mene munatuluka mng'ono wake Lucius Banda asanakayambitse Zembani Band. Popeza muli ku Lilongwe, pitaninso ku Music Crossroads ku Area 23 mukafunse za maphunziro awo. Ngakhale mmodzi yekha wa inu ataphunzira bwino kuwerenga nyimbo ndi kuchuna zida, phindu lake lidzafika kwa nonse, komanso kumeneko mudzakumana ndi oimba ng'oma amene akufunafuna gulu.

Tsopano ndifike pa ngongoleyo, chifukwa m'pamene ife tinagwera. Mnzathu wina, amene anali ndi kageni kake, anagula mikisa ndi masipika ndi ndalama zake n'kunena kuti ndi za gulu, ndipo ife tinaombera m'manja osafunsa tanthauzo la mawu amenewo. Kwa zaka ziwiri zonse zinayenda bwino, koma pang'onopang'ono mawu ake anayamba kulemera kuposa athu pa nkhani ya nyimbo zoimba ndi malo opita, ndipo palibe akanamutsutsa pakuti zida zinkagona kwake. Tsiku limene tinasemphana pa kagawidwe ka ndalama, anatseka zida zija m'nyumba kutangotsala tsiku limodzi kuti tikaimbe pa ukwati umene tinali titalandira kale chikole chake. Ndalama tinabweza, manyazi tinasenza, ndipo ine ndi iye tinatha zaka tikungopatsana moni wa pamsewu. Ndikayang'ana m'mbuyo sindimuimba mlandu yekha, chifukwa nayenso ankaona ngati tikudyera thukuta lake, ndipo mbali ina sankanama. Mnzanuyo akatenga ngongole m'dzina lake, mwezi uliwonse iye azidulidwa malipiro pamene enanu mukuchedwa ku pulakatisi, ndipo mtima wake sudzakhala m'malo ngakhale atakhala woleza chotani. Ikakhala ya katapila ndiye musayerekeze n'komwe. Njira yabwino ndi yakuti aliyense agule chida chake chimene adzachoke nacho akadzafuna kuchoka, pamene zokuzira mawu muzichita hayala tsiku la ntchito mpaka thumba la gulu litakwanitsa kugula zake.

Musanalandire ngakhale tambala imodzi, khalani pansi mulembe mgwirizano wa tsamba limodzi, aliyense asayine ndipo asunge pepala lake. Mulembemo mwini wa chida chilichonse, kagawidwe ka ndalama mutachotsa thiransipoti ndi hayala ya zida, gawo lopita ku thumba la gulu, amene azisunga thumbalo ndi amene aziliwerengera, komanso chimene chidzachitike ndi dzina la bandi wina akadzachoka. Wina adzanena kuti zolemberana ndi za anthu osakhulupirirana, koma nthawi yolemba ndi ino pamene mukugwirizana ndipo palibe chogawana, chifukwa ndalama zikadzayamba kuoneka aliyense adzakumbukira mgwirizano wa pakamwa m'njira yomukomera.

Chovuta kwambiri m'mapepala amenewa ndi umwini wa nyimbo. Wina amabwera ndi mawu, wina ndi kaimbidwe kake, wina n'kuikapo besi imene anthu adzaikumbukire kuposa mawuwo, ndiye funso limadzabwera lakuti nyimboyo ndi ya yani. Magulu ena amagawana mofanana pa nyimbo iliyonse, ena amapereka gawo lalikulu kwa wopeka. Ine ndimakonda njira yoyambayo pa gulu la abwenzi, chifukwa imathetsa mpikisano wofuna kuti nyimbo za uje ndizo zilowe mu chimbale, koma chofunika n'chakuti musankhe njira imodzi nyimbo isanajambulidwe. Mukatero kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la umwini la 2016. Bungweli ndi limene limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga nyumba zoulutsira mawu n'kugawira eni ake, ndipo limatsatira maina ndi magawo amene inu mwalembetsa, osati nkhani ya amene anatopa kwambiri mu situdiyo.

Kunena za Chileka, ndikumvetsa chifukwa chake mumaikonda. Black Missionaries inapitirira ngakhale Evison Matafale atamwalira mu November 2001, ndipo ndikuganiza kuti china chimene chinaigwira n'chakuti ambiri mwa anthu ake ndi apachibale amene anakulira m'mabanja oimba, mwayi umene inu mulibe ndipo muyenera kuulowetsa m'malo ndi mwambo wa pulakatisi ndi pepala lija. Phunzirani nyimbo zawo poyeserera, chifukwa kutsanzira ndi sukulu yabwino, koma musamange bandi pa kutsanzira. Munthu wofuna kumva Ma Blacks adzadikira eni ake abwere ku Lilongwe. Inu muli m'chigawo cha chimtali, chisamba ndi mganda, ndipo wa ng'oma wanu akadzapeza njira yolowetsera kamenyedwe kamodzi ka magule amenewa pansi pa besi ya reggae, mudzakhala ndi kanthu kamene wina sangakapeze kwina. Mwa nyimbo zisanu zija, imodzi ikhale yanu ngakhale itakhala yosapsa.

Za malo oimbira sindichulukitsa mawu chifukwa nthawi yake sinakwane. Yambani ndi zinkhoswe, maukwati ndi zochitika za kusukulu, kenako pemphani kukhala akalambulabwalo a gulu lodziwika. Mwini malo akakuuzani kuti mudzagawana za pakhomo, dziwani kuti mvula ikagwa mudzabwerera wapansi mutasenza ng'oma, choncho muzipempha chikole chokwanira thiransipoti, ndipo mufunsiretu amene akuona za zilolezo za phwandolo. Zikondwerero monga Lake of Stars, imene inayamba mu 2004, ndi Tumaini ya ku Dzaleka, imene inayamba mu 2014, muzipitako kaye ngati oonera kuti muphunzire m'mene magulu amakonzekera asanakwere pa nsanja. Ku situdiyo mupite ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri zimene mungaziimbe mutatsinzina, osati chimbale chathunthu. Ndipo amene ali pa ntchito kapena pa sukulu asasiye.

Loweruka lanu lomvera nyimbo lija musalisandutse tsiku la pulakatisi. Lisiyeni m'mene lilili, lopanda kabuku ndi zokambirana za ndalama, kuti amene wadzudzulidwa Lachinayi chifukwa chothamangitsa nyimbo akhale ndi tsiku lobwera ngati mnzanu chabe. Ife tinalisiya tsiku lotere bandi itangoyamba kupeza ntchito, ndipo mkangano wa masipika utabuka tinalibenso malo ena okumanirana.

Besi yanga yakale ikadalipo, nsambo imodzi inaduka koma khosi lake n'lowongoka. Ikatha miyezi itatu muli anayibe, mundilembere kumbali n'kunditumizira zimene mwajambula pa foni tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndipo amene wavomera kusiya gitala uja adzabwere adzaitenge mobwereka.