Kodi kutseka ma file descriptor n'kumene kukuchedwetsa pulogalamu yanu?

Bambo wina amene amasamalira makompyuta pa malo ena ogona alendo ku Monkey Bay, kuno ku Mangochi, anandilembera imelo sabata yatha. Akuti chisamutsireni pulogalamu yawo yakale ya Python 2 mu Docker (chida choyendetsera mapulogalamu m'mabokosi otchedwa container), imazengereza nthawi iliyonse ikamayambitsa pulogalamu yosindikiza malisiti, ndipo akufunsa ngati kuli bwino kungochotsa close_fds, lamulo louza Python kutseka ma file descriptor ikamayambitsa pulogalamu ina, popeza aona kuti nthawi ikuthera pamenepo.

Bambo, chonde musachotse. Pa Linux, process (pulogalamu imene ikuyenda) ikabala mwana, ndiye kuti process ina, kudzera mu fork(), mwanayo amatengera ma file descriptor a kholo lake, ndiwo manambala oimira mafayilo, ma socket (njira zolumikizirana pa netiweki) ndi ma pipe (njira zotumizirana uthenga pakati pa ma process) amene ali otsegula. Kutseka amene alidi otsegula sikudya nthawi, pakuti kawirikawiri amakhala ochepa. Vuto lagona pa katsekedwe. Python 2 sifufuza kuti otsegula ndi ati, koma imayambira pa nambala 3 n'kumaitana close() pa nambala iliyonse mpaka kukafika pa malire amene makinawo anaikiridwa. Pa kompyuta wamba malirewo amakhala 1024, ndipo munthu sazindikira kanthu, pomwe mu Docker akhoza kufika pa 1048576. Zili ngati mlonda woti ali ndi zipinda khumi zokha, koma usiku uliwonse akuyesa zitseko miliyoni.

Lembani ulimit -n mkati mwa container yanu kuti muone nokha nambalayo. Mukayendetsanso strace -f, chida choonetsa zimene pulogalamu ndi ana ake akupempha kwa Linux, mudzaona mizere yosatha ya close(), pafupifupi iliyonse ikubweza EBADF, kusonyeza kuti panalibe choti n'kutseka.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mukasiya kutseka, mwana uja akhoza kugwiririra socket ya kholo, moti pulogalamu yaikulu ikazima n'kufuna kuyakanso, imapeza port yake, nambala imene imalandirirapo mauthenga a pa netiweki, idakali m'manja mwa wina. Pipe nayonso siuza wowerenga kuti uthenga watha ngati pali process imene sinatseke mbali yolembera, ndipo wowerengayo amangodikirira mpaka kalekale.

Lero lomwe, tsitsani malirewo poyatsa container ndi --ulimit nofile=1024. Kenako samukirani ku Python 3, imene imayang'ana mu /proc/self/fd n'kutseka okhawo amene alipo. Kuyambira pa 3.4, mafayilo amene Python yatsegula amatsekeka okha mwana akafika pa exec(), pamene amayamba kuyendetsa pulogalamu yatsopanoyo. Ngati muli ndi zina zolembedwa mu C, gwiritsani ntchito close_range(), imene inabwera ndi Linux 5.9 mu 2020, chifukwa imatseka mndandanda wonse pa kuitana kumodzi.